Ndagula rauta kwa munthu koma ikukana kuti ndilowe ngati admin, ndithandizeni

Wofunsa:
Akuluakulu a pagulu pano, ndikupempha nzeru. Ndagula rauta kwa munthu amene wasamuka ndipo sakuifunanso. Ndi ya m'nyumba wamba, ya mabowo 4 a LAN (olumikizira makompyuta) ndi limodzi la WAN (lolowera intaneti), koma pamwamba pake pali chizindikiro cha kampani ya intaneti imene iye ankalipirako. Ine ndili pa kampani ina, yomwe inandiikira kabokosi kake ka fiber n'kundipatsa dzina ndi pasiwedi ya PPPoE (njira imene rauta imalumikizirana ndi intaneti ya kampani) yoti ndilowetse mu rauta yanga. Wi-Fi ikuyaka bwinobwino, ndikalemba 192.168.1.1 tsamba lolowera likutseguka, koma pasiwedi ya pa stika ya kunsi ikukana. Ya admin ndi admin ija nayonso ayi, ndipo ndikaphonya kangapo imayamba yanditsekera kaye. Wondigulitsayo akuti sanasinthepo kanthu, anakonza zonse ndi amene anadzamulumikizira. Ndibaye pa kabowo ka reset? Ndikuopa kuti ndingaiphere pomwepo.

Yankho:
Bayani basi achimwene, reset siipha rauta. Ikhale yoyaka, tengani phini, dinikizani masekondi 10 mpaka 15 mpaka timagetsi tithime n'kuyakanso. Chomwe chifufutike ndi zoikamo za mwini wakale, zomwe inu mulibe nazo ntchito.

Yankho:
Bayani, koma muyambe mwazula chingwe cha pa WAN, ndipo musachibwezeretse mpaka mutalowa. Ndifotokoze chifukwa chake.

Rauta za makampani sizikhala ndi loko mmodzi. Pali pasiwedi imene anaika mwini wakale kapena wodzalumikiza uja, imeneyo reset imachotsa. Koma reset imabwezera rauta mmene kampani ya intaneti inaikonzera, osati mmene fakitale imagulitsira zake za m'sitolo, chifukwa firmware yam'katimo, pulogalamu imene imayendetsa rautayo, ndi ya kampaniyo. Zambiri mwa izi zimakhala ndi maakaunti awiri. Ya pa stika ndi ya kasitomala, imalola kusintha dzina la Wi-Fi, pasiwedi yake ndi tina n'tina. Ina ndi ya amisiri awo, ndipo kumeneko ndi kumene kumabisala zoikamo zolumikizira intaneti monga WAN, PPPoE, VLAN ndi DNS.

Za chingwezo n'chifukwa cha TR-069. Ndi njira imene DSL Forum inatulutsa mu 2004, bungwe lomwe pano limatchedwa Broadband Forum, yoti kampani izilamulira rauta za makasitomala ili kutali. Rauta ikangopeza intaneti imaimbira seva ya kampani yotchedwa ACS, ndipo sevayo ikhoza kuitumizira zoikamo zatsopano, pasiwedi ya admin yomwe. Ndiye munthu amapanga reset, amapita kukamwa madzi, pobwera wapeza yatsekedwanso, n'kumati reset sinagwire. Inagwira, kungoti eni ake anafika msanga. Pa netiweki ya kampani ina nthawi zina siikwanitsa kuifikira sevayo, komabe musayese mwayi. Lumikizani kompyuta ndi chingwe pa LAN, lowani ndi za pa stika, mutiuze zomwe mukuona.

Wofunsa:
Zikomo bwana. Ndazula, ndabaya, ndipo pasiwedi ya pa stika yalola! Dzina la Wi-Fi ndasintha kale. Koma ndi mmene mwanenera: tsamba la WAN likuoneka lotuwa, ndikungowerenga, sindingalembemo. Pomwe pali PPPoE palibe pondina.

Yankho:
Iflasheni, muchotsemo firmware ya kampaniyo muikemo yaulere ija yotchedwa OpenWrt, mavuto onse atha. Ine rauta zanga zonse ndi mmene ndimachitira.

Yankho:
Ayi akulu, musamukankhire kuphompho mnzathuyu. OpenWrt ndi yabwino kwabasi, koma siilowa paliponse. Ayambe waona pa mndandanda wa zipangizo wa OpenWrt ngati modelo yake ilipo, ndipo aonenso nambala ya version pa stika, chifukwa v1 ndi v2 za dzina limodzi zimatha kukhala ndi chip chosiyana. Ngati mkati muli chip cha Broadcom, nthawi zambiri Wi-Fi siigwira bwino kapena siigwira n'komwe. Rauta zija za memory yochepa, za 4 MB ya flash ndi 32 MB ya RAM, a OpenWrt anasiya kale kuzithandiza. Komanso firmware ya makampani imakonda kukana fayilo imene siinasainidwe ndi iwo, ndiye pamafunika kutsegula chibokosi n'kulumikiza timawaya pa bolodi. Mukaika fayilo yolakwika rauta imangoyatsa kagetsi kamodzi osadzukanso. Munthu woti dzulo lomweli amaopa kubaya reset, tisamuyambitse zimenezo.

Yankho:
Funso langa ndi lina. Mwatsimikiza kuti wokugulitsaniyo rautayo inali yakedi? Makampani ambiri amangobwereketsa, ndipo mgwirizano ukatha amafuna ibwezedwe. Mufunseni ngati anaigula kapena anapatsidwa pamodzi ndi laini. Ngati inali yobwereka, iyeyo akhoza kulipitsidwa, ndipo inuyo kampaniyo siingakuthandizeni chilichonse mukawaimbira ndi serial number imeneyo. Ngati anaigula, afuneni risiti, muyese kuwapempha aitsegule. Ena amavomera, ena amakana.

Yankho:
Pepani kulowerera, rauta yanga ndi ya SIM, ndikaikamo SIM ya kampani ina ikufunsa code. Ndi vuto lomweli?

Yankho:
Ayi mayi, wanuyo ndi loko wa netiweki, reset samugwedeza. Pamafunika NCK code yogwirizana ndi IMEI ya rautayo, nambala ya manambala 15 ili pa stika. Musamangolotera, mwayi woyesa ndi wowerengeka, pa Huawei zambiri ndi 10, ukatha imatsekeratu. Tsegulani funso lanu padera tikuthandizeni bwino.

Yankho:
Ndine uja ndinati muzule chingwe. Achimwene, mapasiwedi a amisiri amene anthu amamwaza pa intaneti mukhoza kuwayesa pa chinthu chanu, koma pa rauta zatsopano ambiri sagwira, chifukwa iliyonse imakhala ndi yakeyake. Ine ndikanasiya kulimbana ndi WAN n'kuizungulira. Imbirani kampani yanu ya panopa, afunseni ngati kabokosi kawo ka fiber kangachotsedwe pa bridge mode (pomwe kamangodutsitsa intaneti kupita ku rauta) n'kumaimba PPPoE kokha. Akavomera, rauta mwagulayi muisandutse access point, yongofalitsa Wi-Fi basi. Kabokosi kawo kakakhala pa 192.168.100.1, yanuyi muipatse 192.168.100.2, muonetsetse kuti nambalayo siili m'gulu la zomwe kabokosiko kamagawira mafoni, muzimitse DHCP ya rautayi (imene imagawira zipangizo manambalawa), kenako chingwe chichoke pa LAN ya kabokosi kupita pa LAN ya rauta. Bowo la WAN lisiyeni lopanda kanthu. Mukatero kampani yakale ija nthawi zambiri siithanso kuipeza, chifukwa TR-069 imadutsira ku WAN. Chomwe simungapeze ndi kulamulira DNS ndi ma port kuchokera pa rautayi, zimenezo zizichitikira pa kabokosi.

Wofunsa:
Tsamba la LAN ndi la DHCP likulola kusintha, ndaona. Wondigulitsa uja akuti afufuza risiti. Mawa ndiwaimbira a kampani yanga za bridge mode. Akakana ndiye kuti ndikufunikabe rauta ina yoimba PPPoE, eti?

Yankho:
Eya, yosatsekedwa, ngakhale yaing'ono. Iyi muidzalumikize kumbuyo kwake mmene ndafotokozeramu, muiike kuchipinda kumene Wi-Fi safika.