Chotupa chapakhutu: kodi opaleshoni ya pulasitiki amaikadi pulasitiki m'thupi?

Mayi wa ku Linga:
Abale, ndithandizeni nzeru. Mng'ono wanga anaboola makutu zaka ziwiri zapitazo, ndiye kuseri kwa khutu lamanzere kunamera kachotupa kolimba ngati njere ya mtedza. Pano chafika ngati dzira la nkhunda, chimayabwa usiku, ndipo mwanayo sakuvulanso duku. Ena akuti tichimange ndi ulusi chifote chigwe chokha. Ena akuti chikufunika opaleshoni ya pulasitiki ku Lilongwe, koma amayi akukanitsitsa, akuti kumeneko amaika pulasitiki m'thupi ndipo nza anthu andalama ofuna kudzikongoletsa. Zoona nziti?

Namwino wa kunyanja:
Achemwali, poyamba atsimikizireni amayiwo kuti pa chotupa ngati chimenechi palibe pulasitiki yemwe amaikidwa. Dzinalo linachokera ku mawu a Chigiriki akuti plastikos, kutanthauza kuumba, monga woumba mbiya achitira ndi dongo. Nthawi zambiri dotolo amagwiritsa ntchito khungu ndi mnofu wa munthu yemweyo.

Momwe mwafotokozeramu, chikuoneka ngati keloid, koma akachione a chipatala kaye. Ndi chipsera chomwe chakana kusiya kukula: bala linapola kalekale koma thupi likumangabe mnofu wolimba mpaka kupitirira malire a balalo. Chimakonda khutu, pachifuwa, mapewa ndi chibwano, chimagwira kwambiri ife akhungu lakuda, makamaka a zaka 10 mpaka 30, ndipo chimayenda m'magazi a banja. Si khansa, sichipatsirana. Mphini, katemera ngakhale ziphuphu zimathanso kuchiyambitsa.

Za ulusizo, chonde ayi. Ulusi umatseka magazi, mnofu umawola, mafinya amalowa, ndipo bala latsopanolo ndi lomwe limabala chotupa chachikulu kuposa choyamba. Lezala chimodzimodzi. Ngakhale kuchipatala, akangochidula basi osachita china, nthawi zambiri chimabwereranso.

Thandizo lenileni limayamba ndi jakisoni wa triamcinolone, wobaya m'kati mwa chotupamo, osati patako. Amabaya kamodzi pa masabata 4 mpaka 6, kangapo ndithu. Amawawa chifukwa mnofuwo ndi wolimba, koma kuyabwa kumayamba kuchepa ndipo chotupa chimafewa. Pamalopo khungu litha kuyererako kapena kupyapyala, musadabwe. Chachikulu ngati chimenecho mwina adzachidula, kenako n'kupitiriza majakisoni, komanso kuvala ndolo zapadera zopanikiza khutu maola osachepera 12 patsiku kwa miyezi 6 kapena kuposerapo. Apa ndi pomwe ambiri amagwera. Khutu likangooneka bwino amasiya kubwera, pakatha chaka chayambiranso kumera.

Yambirani pachipatala cha boma pa Nkhotakota kapena pa St Anne's, mutatenga kabuku kake ka kuchipatala. Akaona kuti nchofunika akatswiri adzakulemberani kalata yopita ku Kamuzu Central. Ndipo asadzaboolenso khutu lina.

Bambo wa ku Khombedza:
Ndiwonjezerepo pa zoti nza anthu andalama, chifukwa maganizo amenewa akusunga ana ambiri m'nyumba. Kuno kwathu ntchito yaikulu ya madotolowa si kukongoletsa ayi, ndi kukonza chomwe chawonongeka.

Mwana wobadwa ndi mlomo wong'ambika si kuti walodzedwa, ndipo mayi ake sanalakwe chilichonse. Mlomo amausoka mwana ali ndi miyezi 3 mpaka 6, akalemera makilogalamu pafupifupi 5 ndipo magazi ali okwanira. Kukang'ambikanso kumwamba kwa m'kamwa, amakonza ali pafupi chaka chimodzi, asanazolowere kulankhula, apo ayi mawu amatulukira m'mphuno. Chomwe chimabweza ana ambiri pa tsiku la opaleshoni ndi sikelo. Amalephera kuyamwa bwino, ndiye mayi azifinya mkaka wa m'mawere n'kumamwetsa ndi kapu kapena supuni, pang'onopang'ono, mwana atamukhazika chilili. Bungwe la Operation Smile limachita maopaleshoni amenewa kwaulere m'dziko muno.

Kwinanso ndi ana opsa ndi moto kapena phala, ndi akhunyu ogwera pamoto. Bala likapola lokha, chipsera chimakoka mpaka chigongono kapena zala kupindika osatambasukanso. Dotolo amadula chipseracho, n'kusenga khungu lopyapyala pantchafu n'kuliyala pabalapo. Pantchafupo pamapola pokha m'masabata awiri. Bandeji ya pabala amaitsegula cha pa tsiku lachisanu, ndipo khungu limakana kugwira pa zifukwa zitatu: magazi aundana pansi pake, mafinya alowa, kapena wodwala amagwedeza mkono. Nchifukwa chake amamanga chothandizira kuti mkono ukhale wowongoka, ndipo mafizo a pambuyo pake sayenera kudumphidwa. Mukawasiya, mkono umapindikanso.

Mlongo wanu wa ku Senga Bay:
Mantha a amayiwo ali ndi pake, koma alunjike kwina. Zoopsa zili kwa omwe amatsatsa pa Facebook ndi WhatsApp majakisoni okulitsa matako ndi mawere, obayira kuchipinda kwa munthu. Zomwe amabayazo nthawi zina ndi mafuta kapena silicone wamadzi. Sasungunuka, amayenda pansi pa khungu, amaumba mibulu yolimba ndi zilonda zosapola, ndipo akalowa mumtsempha amakatseka mapapo. Kumuchotsa yense nkovuta kwambiri chifukwa amalowerera mumnofu. Aliyense wofuna kukudulani kapena kukubayani akhale wolembetsedwa ku Medical Council of Malawi, bungwe loyang'anira madotolo, ndipo kufunsa si mwano.

Funso langa kwa inu achemwali: mng'ono wanuyo amadzola mafuta oyeretsa khungu? Ambiri mwa mafutawa muli mankhwala amphamvu otchedwa clobetasol kapena hydroquinone. Clobetasol amapyapyalitsa khungu, ulusi wosokera umang'amba ndipo bala limachedwa kupola.

Mayi wa ku Linga:
Zikomo nonse. Amadzoladi, wayamba chaka chatha. Ndiye asiye lero lomwe?

Namwino wa kunyanja:
Atenge botolo kapena chubu chake akaonetse adotolo tsiku lomwelo, awerenge zomwe zalembedwapo. Ngati muli clobetasol ndipo wadzola miyezi yambiri, kusiya mwadzidzidzi kumatha kuwotcha nkhope ndi kutulutsa ziphuphu, ndiye adzamuuza kachepetsedwe kake. Amayinso apite nawo, akamve okha ndi makutu awo.