Kodi manambala a mu lipoti amasonyezadi kuti chipatala chaching'ono chikugwira bwino ntchito?

Nabanda:
Ndili mu komiti yoyang'anira chipatala chaching'ono, ndipo miyezi itatu iliyonse timalandira lipoti la chiwerengero cha odwala amene anabwera, ana amene anabayitsa katemera ndi amayi oyembekezera amene anafika ku sikelo. Manambalawa akakwera, kodi tinene kuti chipatala chikuchita bwino, kapena kuti matenda ndiwo achuluka? Chandizunguza kwambiri n'chakuti lipoti lapitali likuti katemera anafikira ana oposa 100 pa 100 alionse.

Mwale:
Mayi, za kupitirira 100 zo si zachilendo. Chiwerengero cha ana amene chipatala chikuyenera kuwafikira amachita kuyerekeza kuchokera ku kalembera, amene m'mayiko ambiri amachitika kamodzi pa zaka 10, pomwe makolo amapita ndi mwana kulikonse kumene kuli pafupi kapena kumene amalandiridwa bwino, osasamala za malire a dera. Zikatero chipatala chimodzi chimaoneka ngati chachita zodabwitsa, choyandikana nacho n'kumaoneka cholephera. Inu funsani za katemera wa Penta, woteteza ku matenda asanu, amene mwana amabayitsa katatu: ndi ana angati amene anabayitsa koyamba, nanga amene anafika kachitatu ndi angati? Manambala onse awiriwa amachokera m'kaundula mmodzi, choncho kalembera sakulowapo. Ngati osiyira panjira aposa 10 pa 100, malangizo a bungwe la WHO amati pamenepo pali vuto lofunika kulifufuza.

Nachisale:
Ndionjezere pa zimene anena a Mwale. M'chaka cha 1966, katswiri wa zaumoyo Avedis Donabedian anasiyanitsa zinthu zitatu poyeza chithandizo: zimene chipatala chili nazo, zimene ogwira ntchito amachitira wodwala, ndi mmene wodwalayo amathera. Malipoti ambiri amangowerenga mitu ya anthu olowa pakhomo. Mu 2016 WHO inakweza maulendo a sikelo ya amayi oyembekezera kuchoka pa 4 kufika pa 8, koma mayi angathe kubwera maulendo onsewo osayezedwa kuthamanga kwa magazi chifukwa makina ake anawonongeka, lipoti n'kumuwerenga kuti wathandizidwa mokwanira. Pemphaninso kuona makadi a kufamase, muwerenge masiku amene mankhwala ofunika anali atatha.

Gondwe:
Langa ndi chenjezo pa nkhani yondandalika zipatala kuti ichi n'choyamba, icho n'chomaliza, makamaka ndalama zikamatsatira manambalawo. Dziko la Britain linayamba mu 2004 kulipira madokotala a m'madera malinga ndi mapointi amene ankapeza pa ntchito zoyezedwa, pa ndondomeko yotchedwa QOF. Zimene zinkayezedwa zinapita patsogolo m'zaka zoyambirira, koma zosayezedwa sizinayende chimodzimodzi, ndipo ku Scotland anaisiya mu 2016. Namwino amene akudziwa kuti adzadzudzulidwa chifukwa cha nambala yotsika amayesedwa kuti aikongoletse, ndipo ngakhale DHIS2, pulogalamu ya pa kompyuta ya ku yunivesite ya Oslo imene mayiko ambiri amasonkhanitsira malipoti, singazindikire zimenezo ngati nambalayo ikuoneka yomveka. Sankhani mwezi umodzi, wogwira ntchito awerenge m'kaundula inu mulipo, popanda kukuonetsani mayina a odwala, kenaka mufananize ndi zimene zinatumizidwa.

Nabanda:
Zikomo nonse. Pa msonkhano ukubwerawu ndiyamba ndi za Penta ndi makadi a mankhwala. A Gondwe, manambala a m'kaundula akasiyana ndi a mu lipoti, komiti iyambe kufunsa mkulu wa chipatala kapena amene analemba lipotilo?