Kobani: ndege zikuphulitsa, akasinja a Turkey angoima. Chikuchitika nchiyani?

Mphunzitsi wa ku Lizulu, 8 Okutobala 2014

Abale anga, ndithandizeni kumvetsa nkhani ya Kobani, tauni ya Akurdi ija ili kumpoto kwa Syria, m'malire enieni ndi Turkey. Zigawenga za ISIS zinayamba kuilondola pakati pa mwezi wa Seputembala, zikulanda midzi yozungulira umodziumodzi. M'masiku ochepa chabe anthu oposa 130,000 anali atawolokera ku Turkey, ndipo akuwolokabe. Lolemba mbendera yakuda ija inaoneka kum'mawa kwa tauni. Dzulo Pulezidenti Erdoğan wa Turkey wanena yekha kuti Kobani yatsala pang'ono kugwa.

Zikundizunguza mutu ndi ziwiri. America ndi anzake, Saudi Arabia, Jordan, Bahrain, United Arab Emirates ndi Qatar, anayamba kuphulitsa malo a ISIS mu Syria pa 23 Seputembala, ndipo pa 27 mabomba anagwa kufupi ndi Kobani. Nanga anthu opanda ndege ngakhale imodzi akupita bwanji patsogolo, pomwe m'mwamba muli mayiko onsewa?

Chachiwiri ndi Turkey. Pa kanema tikuona akasinja ake atandanda pa timapiri ta ku Mürşitpınar, pomwe utsi wa m'tauni ukuonekera ndi maso. Mu NATO gulu lake lankhondo limaposedwa ndi la America lokha. Nyumba yake ya malamulo inavomereza pa 2 Okutobala kuti asilikali angathe kulowa mu Syria. Koma angoima, ndipo Akurdi a ku Turkey ofuna kuwoloka kukathandiza abale awo akuthiridwa utsi wokhetsa misozi. Ine ndinakulira pomwe msewu wa M1 ndiwo malire, tsidya lino Malawi, tsidya ilo Mozambique, ndipo nthawi ya nkhondo ya Renamo amene ankawoloka ndi mitolo pamutu anali amalume ndi asuweni athu omwe. Ndiye nkhani yotsekereza munthu pamalire m'bale wake akuphedwa tsidya linalo sindikuimva ngati ya kutali. Wodziwa andiuze.

Sajeni Wopuma, 9 Okutobala 2014

Aphunzitsi, ine ndiyankha loyambalo, la Turkey ndisiyira a ndale.

Ndege silanda malo ndipo sisunga malo. Imaswa chimene yauzidwa kuti ichiswe. Nthawi yabwino yoswa ISIS inali kumapeto kwa Seputembala, akasinja ndi mizinga yawo ili poyera m'minda, ikukwawa kulowera ku tauni. Nthawi imeneyo ndege zambiri zinkapita ku Raqqa, likulu la ISIS mu Syria, ku malo oyengera mafuta ndi ku Iraq. Ku Kobani mabomba ankagwa mwa apo ndi apo. Phiri la Mishtenur, lomwe ukaima pamwamba pake tauni yonse ili pansi pako, linapita m'masiku oyamba a mwezi uno. Ukataya phiri lotero, mdani amakuponyera mizinga akukuona.

Tsopano alowa m'misewu. Woyendetsa ndege ali m'mwamba sangadziwe kuti nyumba iyi muli a YPG (asilikali a Akurdi oteteza tauniyi), yoyandikana nayo muli a ISIS, yachitatu muli nkhalamba yomwe inakana kuthawa. Pamafunika munthu pansi, wailesi ili m'manja, woti anene kuti ponyani apa, apa musaponye. America alibe munthu wotero mu Kobani.

Yang'ananinso zida. ISIS italanda mzinda wa Mosul ku Iraq mu Juni inatola zida za asilikali a Iraq zomwe America yemweyo anagula, ma Humvee ndi mizinga ikuluikulu, kuphatikiza akasinja olandidwa kwa asilikali a Syria. A YPG ndi azimayi a YPJ ali ndi ma AK-47, ma RPG ochepa ndi mfuti za chiwaya zomangirira pa magalimoto. Azingidwa kum'mawa, kumwera ndi kumadzulo. Kumpoto ndi geti ya Turkey. Zipolopolo zikatha zilowera kuti? Chodabwitsa si chakuti ISIS ikupita patsogolo, chodabwitsa nchakuti sabata zitatu zatha isanamalize.

Ndipo musaganize kuti ku Washington akusowa tulo. Dzulo John Kerry, nduna ya zakunja ya America, wanena poyera kuti zomwe zikuchitika ku Kobani nzoopsa, koma cholinga chawo chachikulu ndi malikulu ndi chuma cha ISIS, osati kuteteza tauniyi.

Wophunzira ku Ankara, 10 Okutobala 2014

Bambo aphunzitsi, ndili pasukulu kuno, ndiye ndinene momwe nkhaniyi ikumvekera mbali ino.

Choyamba tiwapatse chilungamo chawo: Turkey yalandira othawa nkhondo a ku Syria oposa miliyoni imodzi chiyambire 2011, ndipo a ku Kobani anatsegulidwa malire. Chomwe ikukana ndi amuna ndi zida zolowera mbali inayo.

Chifukwa chake ndi zilembo zitatu, PKK, gulu la zida la Akurdi a kuno ku Turkey. Gululi lakhala likumenyana ndi boma la Turkey kuyambira 1984, ndipo anthu pafupifupi 40,000 anafa. Mtsogoleri wake Abdullah Öcalan ali m'ndende pa chilumba cha İmralı kuyambira 1999. Chipani cha Akurdi a ku Syria cha PYD, chomwe chikulamulira Kobani chichokereni asilikali a Pulezidenti Assad wa Syria mu Julayi 2012, chimatsata maganizo a Öcalan yemweyo, ndipo zithunzi zake zili pa zipupa kumeneko. YPG ndi asilikali a chipanichi. Inu mukuona anthu akuteteza kwawo. Akuluakulu a kuno akuona PKK ikumanga dziko kuseri kwa mpanda wawo. Erdoğan wanena kale kuti kwa Turkey, PKK ndi ISIS nchimodzimodzi.

Poyamba ankati manja awo ndi omangika chifukwa ISIS inkasunga anthu 49 omwe inawagwira ku ofesi ya kazembe wa Turkey ku Mosul. Amenewo anamasulidwa pa 20 Seputembala. Tsopano akuti salowa okha: akufuna dera lotetezedwa m'kati mwa Syria, akufuna ndege za Assad ziletsedwe kuuluka kumpoto, akufunanso America ivomere kuti Assad achoke. Obama zonsezo sakuzifuna. Galu wamkota sakandira pachabe, bambo. Akasinja aja aima pamenepo podikira mtengo.

Malire mukunenawo, kumeneko ndi njanji. Kobani inamera pa siteshoni ya njanji ya Berlin–Baghdad, ndipo Ufumu wa Ottoman utagwa mzere wa malire unatsata njanjiyo. Banja limodzi linapezeka ena ku Kobani, ena ku Suruç. Nchifukwa chake sabata ino kuno kwatentha. Chipani cha HDP, choyankhulira Akurdi a kuno, chinaitana anthu kumisewu, ku Diyarbakır, Mardin, Batman ndi Van kwaikidwa lamulo loletsa kuyenda, ndipo anthu oposa 30 afa m'zipolowe. Ena aphedwa pomenyana Akurdi okhaokha, otsatira PKK ndi a chipani china chachipembedzo. Ife alendo tikungochoka m'kalasi kulunjika ku hositelo. Zokambirana za mtendere za boma ndi PKK zomwe zinayamba chaka chatha zili pa ulusi, ndipo Öcalan wachenjeza kuti Kobani ikagwa zatha.

Wa ku Mangochi, 11 Okutobala 2014

Achimwene, ndiwonjezepo chimodzi chomwe ambiri kuno kwathu sakuchidziwa. Akurdi a ku Kobani ambiri ndi Asilamu a Sunni, monganso amene akuwaphawo amadzitchulira. Mwezi watha akatswiri a Chisilamu oposa 120 a m'mayiko osiyanasiyana analembera kalata Abu Bakr al-Baghdadi, mtsogoleri wa ISIS, akutsutsa zochita zake mfundo ndi mfundo kuchokera m'Qur'an. Ndiye pa minibasi munthu akamati iyi ndi nkhondo ya Asilamu ndi ena, muzimuuza.

Koma ndegezo ine sindiziombera m'manja msanga. Gulu la ISIS linabadwira m'chipwirikiti cha Iraq America italowako mu 2003 nkuthetsa gulu lonse lankhondo la dzikolo. Baghdadi yemweyo anakhalapo m'ndende ya America ya Camp Bucca mu 2004. Lero America ikuphulitsa mu Syria popanda chilolezo cha Security Council, akuti akuteteza Iraq. Dzulo nthumwi ya UN, Staffan de Mistura, yachenjeza kuti Kobani ingasanduke Srebrenica, tauni ya ku Bosnia komwe Asilamu zikwizikwi anaphedwa mu 1995, ndipo yapempha Turkey kuti ilole ofuna kukathandiza awoloke. Chabwino. Nanga ku Homs? Nanga ku Aleppo komwe migolo ya mabomba ikugwera anthu m'misika? Ku Ghouta anthu anafa ndi mpweya wa poizoni mu Ogasiti 2013, ndege ya ndani inabwera? Kobani ili ndi mwayi umodzi: atolankhani angathe kuima pa phiri la Turkey, tiyi ali m'manja, nkumajambula nkhondo yonse.

Sajeni Wopuma, 11 Okutobala 2014

A ku Mangochi, za 2003 sindikutsutsani. Koma mayi amene ali m'kati mwa Kobani usiku uno safunsa kuti ndege yatumidwa ndi pepala lanji. Za makamera mwalasa. ISIS nayonso ikufuna kupambana dziko likuonerera, nchifukwa chake ikuthira anyamata ake pa katauni kamodzi. Akuluakulu a nkhondo a America akazindikira kuti adani adziunjika okha pamalo amodzi, muona kusintha.

Mphunzitsi wa ku Lizulu, 21 Okutobala 2014

Zikomo nonse. Mwanawe wa ku Ankara, udzisamale, makolo ako anakutuma sukulu.

Ndabweranso chifukwa zinthu zatembenuka ndipo ndikufuna a Sajeni andimasulire. Usiku wa Lamulungu ndege za C-130 za America zinaponya mitolo ya mfuti, zipolopolo ndi mankhwala mu Kobani, zida zochokera ku boma la Akurdi a ku Iraq. Obama anaimbira Erdoğan kumuuza, osati kumupempha, tsiku limodzi izi zisanachitike. Kerry yemwe uja, wa sabata ziwiri zapitazo, tsopano akuti kufulatira anthu omenyana ndi ISIS kungakhale kusasamala. Ndipo dzulo nduna ya zakunja ya Turkey, Mevlüt Çavuşoğlu, yalengeza kuti alola a peshmerga, asilikali a Akurdi a ku Iraq, kudutsa m'dziko lawo kupita ku Kobani.

Ine ndikuona chonchi, mundikonze ngati ndasokera. Palibe amene wasintha mtima. Pa 8 Okutobala onse ankayembekeza maliro, aliyense atakonza kale mawu a chipepeso. Anthu a m'kati muja anakana kufa pa tsiku lomwe anawaikira, ndipo tsiku lililonse lomwe anapirira linakweza manyazi a oonerera, mpaka kuthandiza kunatsika mtengo kuposa kungoima. Thandizoli ndi lenileni, sindikulinyoza. Koma aliligula ndi magazi awo, silinabwere chifukwa cha chisoni.

Sajeni Wopuma, 22 Okutobala 2014

Aphunzitsi, simunasokere, kungoti mwasiya chachikulu. Mitolo ija ndi yochepa, 28 basi, ndipo wina unagwera kwa ISIS, aonetsa kale pa kanema akutsegula mabokosi a mabomba a m'manja. Parachuti imamvera mphepo. Chomwe chasintha nkhondoyi ndi chija ndinanena: tsopano pali kulankhulana. America yavomera kuti yakumana maso ndi maso ndi a PYD, ndipo a YPG akunena okha kuti akupereka malo oti ndege ziphulitse. Sabata yatha mabomba anagwa ochuluka zedi m'masiku awiri atatu, ndege zikuluzikulu za B-1 zikuzungulira pamwamba maola ambiri kudikira kuitanidwa. Mnyamata wa ISIS akangotulutsa galimoto pa mphambano, yapita.

Zinatero ku Congo chaka chatha. Mahelikopita a South Africa anaswa zigawenga za M23 chifukwa pansi panali asilikali a Congo, Tanzania, South Africa ndi athu a Malawi okankha. Kuchotsapo apansiwo, helikopita ndi phokoso chabe.

Chondidetsa nkhawa nchakuti kumenya motere kumapulumutsa tauni poigumula. Nyumba iliyonse yomwe ISIS yalowamo iyenera kugwa.

Wophunzira ku Ankara, 1 Novembala 2014

A peshmerga alowa usiku wathawu, pafupifupi 150. Ena anabwera pa ndege mpaka Şanlıurfa, ena pamsewu kudzera pa chipata cha Habur ndi mizinga yawo, anthu atadzaza m'mbali mwa msewu akuvina ndi kuimba. Masiku awiri m'mbuyomo kunalowanso kagulu ka Free Syrian Army, omenyana ndi boma la Assad.

Bambo aphunzitsi, taonani amene Turkey yasankha kulowetsa. Peshmerga ndi a Masoud Barzani, mtsogoleri wa Akurdi a ku Iraq, amene mafuta ake amadutsa m'paipi ya Turkey kukafika ku doko la Ceyhan, ndipo iye ndi PKK sagwirizana. Akurdi a kuno aja ankalira pa waya sanaloledwebe. Pa 13 Okutobala, nkhondo ya Kobani ili pachimake, ndege za Turkey zinaphulitsa malo a PKK ku Hakkari. Bwalo la ndege la Incirlik, lomwe lili pafupi, silinatsegulidwe kuti America iziponyera mabomba kuchokera pamenepo.

Mphunzitsi wa ku Lizulu, 27 Januwale 2015

Ndaifukula nkhani yakaleyi chifukwa dzulo a YPG alengeza kuti ISIS yatulutsidwa mu Kobani, patatha miyezi inayi. Ndege zinaponya mabomba maulendo oposa 600 kuzungulira tauniyi, ndipo ISIS yataya anthu oposa 1,000. A Sajeni, zija munanena zachitika: pa zithunzi kum'mawa konse ndi mulu wa simenti ndi zitsulo.

A ku Mangochi, funso lanu la Aleppo silinayankhidwe ndi aliyense, ndipo ine ndilibe yankho lake. Erdoğan nayenso sakusangalala, wanena kale kuti safuna kumpoto kwa Syria kukhale ngati kumpoto kwa Iraq. America yapeza anthu oyenda nawo pansi, koma anthuwo ndi omwe mnzake wa mu NATO amawatcha zigawenga. Ikadzafika nthawi yosankha pakati pa awiriwa, ine ndalama yanga sindingaike pa Akurdi.

Mwanawe wa ku Ankara, kodi a m'misasa ya ku Suruç ayamba kubwerera?

Wophunzira ku Ankara, 28 Januwale 2015

Ambiri ayi, bambo. Midzi yozungulira mazanamazana ikadali m'manja mwa ISIS, m'mabwinja muli mabomba osaphulika ndi mitembo, madzi ndi magetsi kulibe. Dzulo ena anathamangira ku waya kuti akaone nyumba zawo, asilikali anawabweza ndi utsi wokhetsa misozi. Akuluakulu a tauniyo akupempha anthu kuti adikire kaye, ndipo akupempha Turkey kuti itsegule njira yodutsira simenti ndi makina ochotsera zigumukire.