Mwana wanga amutsitsira ku bullpen: asayine kapena amalize kaye sukulu?

A Admin, chonde mundibisire dzina, achibale ambiri ali pa gulu lino.

Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Indiana kuno ku America, ndipo ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Mwana wanga woyamba ali ndi zaka 21, tinabwera naye kuno ali ndi zaka 6. Ine ndinkati azisewera mpira wamiyendo ngati amalume ake, koma anzake akusukulu anamukokera ku baseball, mpaka lero sanabwererenso. Ndi woponya mpira, amaponya ndi dzanja lamanja, ndipo baseball yomweyo ndi imene inamuthandiza kulowa koleji. Wangotsala ndi chaka chimodzi kuti atenge digiri.

Kwa amene simuwadziwa masewerowa: amakhala ndi zigawo 9, amati ma inning. Pali woponya amene amayamba, starter, iyeyu amaponya zigawo zisanu kapena zisanu ndi chimodzi. Akatopa kapena mipira yake ikayamba kumenyedwa kwambiri, kochi amaitana ena amene amadikirira kuseri kwa mpanda, malo otchedwa bullpen. Amenewa ndi ma reliever. Wina amaponya chigawo chimodzi chokha n'kukhala pansi.

Zaka ziwiri mwana wanga anali starter. Chaka chino kochi wamuika ku bullpen, akuti ali ndi kaponyedwe ka mitundu iwiri yokha, ndiye omenya akakumana naye kachitatu amakhala atamuwerenga kale. Ine zinandiwawa kwambiri. Ndayenda maola atatu pa galimoto, ndasinthanitsa shifiti ndi mnzanga, kukafika n'kumuonera mwana mphindi khumi zokha. Tsiku lina sanalowe n'komwe. Koma chodabwitsa n'chakuti chimuikireni kumeneko liwiro la mpira wake lakwera, ukufika mamailosi 95 pa ola, ndipo anthu ofufuza osewera a matimu akuluakulu ayamba kumuimbira foni. Akuti mwina angatengedwe pa draft ya mu July, pamene matimu akuluakulu amasinthana kusankha osewera atsopano, koma chakumapeto.

Bambo ake akuti zachibwana, amalize sukulu. Mwana akuti mwayi subwera kawiri. Ndipo pali china chimene bambo ake sakuchidziwa: ndamupeza kawiri ataika ayezi pa chigongono usiku, ndikamufunsa akuti “Amayi, aliyense amatero.”

Amene mukudziwa za ntchito imeneyi, ndithandizeni. Kodi ku bullpen kuli tsogolo? Ndimuuze chiyani?

Bambo wa ku Area 25: Mayi, musadzivute. Kuno timati rizevu. Ngati kochi wamukhazika pa benchi ku koleji komweko, ndiye ku timu yaikulu akakatani? Amalize sukulu basi.

Mphunzitsi wopuma, Chicago: Achimwene a ku Area 25, si rizevu ayi, musamusokoneze mayiyu. Timu ya ligi yaikulu ya MLB imakhala ndi osewera 26, oponya amafika 13, ndipo mwa amenewo pafupifupi 8 ndi a ku bullpen. Masewero ndi 162 pa chaka, kusewera pafupifupi tsiku lililonse, ndiye palibe timu ingayende popanda anthu amenewa. Amene amatseka chigawo chomaliza timu ikamatsogola pang'ono, closer, ndi munthu wolemekezeka. Mariano Rivera, mwana wa msodzi wa ku Panama, anayamba ngati starter ku New York Yankees mu 1995 ndipo sizinamuyendere bwino. Mu 1996 anamuika ku bullpen, mu 1997 n'kukhala closer. Anapuma mu 2013 atateteza chipambano ka 652, palibe wafikapo pamenepo, ndipo mu 2019 anakhala woyamba kusankhidwa kulowa Hall of Fame, gulu la akatswiri olemekezeka a baseball, popanda ngakhale wovota mmodzi womukana. Chida chake chenicheni chinali kaponyedwe kamodzi, cutter, mpira wothamanga umene umakhota pang'ono ukayandikira womenya. Ndiye zoti mwana wanu ali ndi mitundu iwiri yokha zisakuopseni. Ma closer ena otchuka sanayambe n'komwe ngati oponya: Trevor Hoffman anayamba ngati shortstop, wogwira mipira m'bwalo, Kenley Jansen anali catcher, wowakha mipira kumbuyo kwa womenya. Anthu ambiri a ku bullpen anafikako atakanika kwina.

Mwini funso: Zikomo bambo aphunzitsi, mtima wakhalako m'malo. Koma Rivera ndi mmodzi. Enawo amathera kuti?

Mlongo wanu wa ku Johannesburg: Funso lenileni ndi limeneli, asisi. Musayang'ane Rivera, yang'anani Tayler Scott, wobadwira kuno ku Joni. Anapita ku Arizona ali mnyamata chifukwa cha baseball, a Chicago Cubs anamutenga mu 2011. Anakalowa ligi yaikulu mu 2019, ku Seattle, patatha zaka 8 akuzungulira m'maligi ang'onoang'ono. Chaka chomwecho anapezeka ali ku Baltimore. Kenako Japan, ku Hiroshima. Atabwerera, San Diego, Los Angeles Dodgers, Boston, Oakland, matimu atatu omalizawa m'chaka chimodzi cha 2023. Mu 2024 ku Houston anaponya bwino kwabasi, chaka chotsatira timu yomweyo inamuchotsa. Ndipo ameneyu ndi wa m'gulu la amene zinawayendera, chifukwa anafika. Ine ndikawerenga mbiri yake ndimaona moyo wa waganyu: lero munda uwu, mawa munda wina, chikwama osachimasula. Mumufunse mwana wanu ngati angaupirire moyo umenewo, asanayambe kuwerenga ndalama.

Wina wobisa dzina: Koma ndalama zake anthu inu. Edwin Díaz, amenenso ndi closer, anasayina madola 102 miliyoni a zaka zisanu ku New York Mets mu 2022. Mayi, mwanayo akangodutsa mwaiwala zosambitsa agogo a eni.

Mphunzitsi wopuma, Chicago: Ndipo Díaz yemweyo mu March 2023 anavulala bondo akudumphadumpha kusangalalira chipambano cha Puerto Rico, chaka chonse osaponya. Koma tisiye zimenezo. Mayi, ndikuikireni ndalama zenizeni patebulo. Akatengedwa sapita ku MLB, amayambira pansi: Single-A, High-A, Double-A, Triple-A. Muli ku Indiana, pitani mukaonere South Bend Cubs, imeneyo ndi High-A, kapena Indianapolis Indians ya Triple-A, muone okha mmene anyamatawo amakhalira. Osewera a maligi amenewa analowa m'bungwe la ogwira ntchito mu 2022, ndipo mgwirizano wa 2023 unakweza malipiro otsikitsitsa kufika cha m'ma madola 26,000 pa chaka ku Single-A ndi cha m'ma 35,000 ku Triple-A, nyumba akupatsidwa. Kale zinali zomvetsa chisoni kuposa apa. Inu mukudziwa kuti ndalama imeneyi kuno siipita patali. Ku MLB malipiro otsikitsitsa anali madola 740,000 mu 2024, koma amawerengera masiku amene uli m'timu. Apa ndi pamene reliever amalira. Akaponya masiku awiri kapena atatu otsatizana dzanja limatopa, timu imamutsitsira ku Triple-A n'kukweza wina wa dzanja lopumula, osati chifukwa walakwa ayi. Kuti afike posankha yekha timu ndi kutchula mtengo wake pamafunika zaka 6 zathunthu mu MLB, ndipo ma reliever ambiri safika pamenepo.

Namwino, Texas: Ine zonse mukukambazi ndazilumpha, ndaima pa ayezi uja. Amayi, ayezi pambuyo pa masewero si zachilendo, koma ayezi wobisala usiku ndi nkhani ina. M'kati mwa chigongono muli mtsempha umene umanyamula mphamvu yonse ya kuponya, ndipo liwiro likamakwera nawonso umakokedwa kwambiri. Starter amasunga mphamvu, reliever amaponya ndi mtima wonse mpira uliwonse, komanso amatenthetsa dzanja ku bullpen kambirimbiri osalowa n'komwe. Ukaduka, opaleshoni yake ndi ija amaitcha Tommy John, dzina la woponya woyamba kuichita mu 1974. Ambiri amabwerera, koma kuchira kumatenga chaka kapena chaka ndi theka. Mumufunse kuti pakupweteka ndi pati penipeni, ngati ndi mbali ya m'kati, komanso ngati chala chaching'ono ndi chinzake chimachita dzanzi. Akaonane ndi dokotala wa mafupa ndi mitsempha, osati mnzake wa m'chipinda. Ndipo adziwe kuti timu isanamusayinitse imamupima. Chimene akubisa kwa amayi ake makina adzachiona.

Mwini funso: Asisi mwandiopsa koma mwanena zoona. Ndikuganiza kuti akubisa poopa kuti kochi akamva amupumitsa, ofufuza aja n'kusiya kuimba.

Namwino, Texas: Ndi mmene amaganizira onse. Musamukalipire, angakubisireni zambiri.

Malume wa ku Leeds: Ine za baseball sindidziwa, koma ana ndalera. Chaka chimodzi n'chiyani? Amalize, chaka chamawa adzamutenganso. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Kochi wa ana, Ohio: Amalume, apa ndiye pali msampha umene makolo ambiri sauona. Wa chaka chachitatu ku koleji, ngati mwana wa mayiyu, ali ndi mphamvu pokambirana, chifukwa akhoza kuuza timu kuti ndalama zikachepa ndibwerera kusukulu. Wa chaka chomaliza alibe kobwerera, ndiye nthawi zambiri amapatsidwa kandalama kochepa kwambiri kosayinira. Komanso adzakhala ndi zaka 22, ndipo matimu amayang'ana zaka. Kudikira kuli ndi mtengo wake. Draft masiku ano ili ndi ma round 20 okha, kale inkafika 40. Chimene ndingakuuzeni mayi ndi ichi: si nkhani ya sukulu kapena baseball basi. Pali dongosolo loti timu imalemba mu kontrakiti kuti idzamulipirira maphunziro amene atsala. Siibwera yokha, muyenera kuipempha asanasayine, ndipo muwerenge bwino nthawi imene ayenera kuigwiritsa ntchito isanathe. Mukhale pansi atatu, inu, bambo ake ndi iyeyo, mugwirizane chiwerengero: pansi pa ndalama yakuti sitisayina. Muchite izi July asanafike, chifukwa tsiku la draft foni imalira ndipo amafuna yankho pompopompo.

Chinanso, za mtima. Reliever amalowa adani ali kale pa ma base, malo amene amadutsamo kuti agoletse, moto wayaka kale, ndipo malamulo a kuyambira 2020 amati akumane ndi omenya atatu kapena atsirize chigawocho asanachotsedwe. Akaponya bwino palibe amamutchula. Akalakwitsa kamodzi, bwalo lonse likumudziwa dzina. Mawa lake ayenera kulowanso ngati sizinachitike. Inu mukumudziwa mwana wanu. Akaluza amagona?

Mwini funso: Ameneyo amagona ngati mwala, amene sagona ndine. Zikomo nonse. Ndalankhula naye usiku wathawu, wavomera kuti pakumupweteka ndi m'kati mwa chigongono, koma dzanzi akuti palibe. Tapeza malo kwa dokotala Lachinayi. Bambo ake ndawauza m'mawa uno. Akhala chete nthawi yaitali, kenako afunsa kuti kodi Rivera ameneyo bambo ake analidi msodzi, paja nawonso kwawo ndi ku Nkhotakota. A kochi a ku Ohio, funso lina: zotsatira za dokotala zikatuluka, ndife okakamizika kuuza ofufuza aja tokha, kapena tidikire adzafunse?