Kadirilo koboolera bodi ndi mabiti ake pa K68,000, ndigule kapena ndisiye?

Chitakale_Sola: Akuluakulu mwaswera bwanji. Ndithandizeni maganizo. Ndayamba kudzipangira timabodi ta zamagetsi toonetsa ngati batire ya sola yadzadza kapena yatsika, ndipo anthu kuno akutikonda. Kujambula pa KiCad, pulogalamu ya pakompyuta yojambulira mabodi, ndikutha, kudinda chojambulacho pa mkuwa wa bodi ndi simbi ndikutha, asidi akudyanso mkuwa bwinobwino. Pomwe pandivuta ndi poboola. Biti yaing'ono yomwe ndili nayo ndi ya 1.5 mm, ikalowa imadya kamphete konse ka mkuwa kozungulira bowo, mwendo wa rezisita n'kumangogwedera pakati, solda osapeza pogwira. Ku Limbe ndaona seti: kadirilo ka 12V, choimikira chake, mabiti a carbide kuyambira 0.3 mpaka 1.2, ndi veniya ya dijito yoyezera kunenepa kwa zinthu. Akuti K68,000. Ndiitulutse ndalamayi?

Madala_Luchenza: Musagule achimwene. Ndikuti musagule. Ine seti yotereyi inandiliza. Pa bokosi analemba bwinobwino masaizi, koma nditayeza kunyumba mabiti atatu anali ofanana, kungosiyana mtundu wa pulasitiki pakhosi. Kadiriloko pozungulira kankapepeluka, bowo kutuluka lotalika mbali imodzi. Nditabwerera nako, mnyamata wa m'sitoloyo anangondilozera pepala la pakhoma loti katundu akatuluka sabwezedwa. Ndalama ya seti inapita, ya minibasi kupita ndi kubwera inapitanso. Mpaka lero ndikadutsa pamenepo mtima umandiwawa.

Chitakale_Sola: Pepani madala. Inali sitolo iti?

Madala_Luchenza: Sinditchula, koma onsewo katundu wawo ndi mmodzi.

Injiniya_Bvumbwe: Mukadaboolabe pamanja? Ine ndinasiya kalekale. Ndimatumiza ma Gerber, mafayilo a chojambula cha bodi, ku fakitale ya ku China ya JLCPCB, mabodi 5 pa $2, amabwera obiriwira, olembedwa mayina a zipangizo, mabowo ali ndi mkuwa mkati. Ukangogunda ndi chowotcherera solda imakwera yokha mpaka kutsidya. Kasitomala akaona bodi yanga safunsanso mtengo.

Tcheya_Muloza: A injiniya, $2 imeneyo ndi ya bodi yokha. Tiuzeni yotumizira. Tiuzeninso ya msonkho. Ndipo madolawo mumawatola kuti masiku ano?

Injiniya_Bvumbwe: Ndili ndi njira zanga.

Mayi_a_Chisomo: Mwanawe, timabodi tako tili ndi zipangizo zingati? Ngati ndi IC imodzi ya LM324, kachipangizo ka miyendo yambiri kaja, ma LED ndi marezisita ochepa, gula veroboard. Mabowo ndi obooledwa kale, pafupifupi 1 mm, otalikirana 2.54 mm, chimodzimodzi miyendo ya IC. Ungodula tinjira ta mkuwa pomwe sukufuna. Ine mawailesi a anthu a pa Thyolo Boma ndakonza ndi zimenezi zaka zonsezi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndalama imeneyo gulira solda wabwino ndi ma IC.

Chitakale_Sola: Zoona mayi, ndinayambira pomwepo. Koma munthu akafuna timabodi 20 tofanana, kudula tinjira ndi kulumikiza mawaya kamodzikamodzi kumatha tsiku, ndiye kamodzi kamapezeka kalakwika. Kudinda kumafulumira.

Ndata_Thoko: Ndiloleni ndiponyepo manambala, chifukwa funso lenileni ndi loti mabiti a mu setimo mudzagwiritsa angati. Bowo silisankhidwa ndi maso, limachokera pa mwendo wa chipangizocho. Malamulo a IPC, omwe opanga mabodi amatsatira, amati tengani kunenepa kwakukulu komwe mwendo ungafike, komwe kwalembedwa mu datasheet, pepala lofotokoza chipangizocho, muonjezere 0.25 mm ngati mukufuna kulowa kosavuta, 0.20 pakatikati, 0.15 pothina. Pamanja tengani 0.25.

Rezisita ya kota wati mwendo wake ndi cha m'ma 0.6, ndiye bowo 0.8 kapena 0.9. IC ya DIP, ya mizere iwiri ya miyendo, ndi soketi yake, 0.8. Dayodi ya 1N4007 mwendo umafika 0.86, ndiye 1.0 kapena 1.1. Mapini a header, aja a mzere osomekapo mawaya, ndi 0.64 koma ndi a makona anayi, kuchoka kona kufika kona ina ndi 0.9, n'chifukwa chake amakana kulowa mu 0.8, amafuna 1.0. Za TO-220 monga 7805 ndi ma MOSFET, 1.1 kapena 1.2. Koma poti inu ndi za sola, mudzakumana ndi 1N5408, mwendo wake umafika 1.3, komanso materminal omangira mawaya ndi sikulu omwe amafuna cha m'ma 1.3. Seti yanuyo yathera pa 1.2. Ndiye ya 1.5 muli nayoyo musaitaye, ndi ya dayodi yaikuluyo. Ndipo 0.3 mpaka 0.6 mudzangoziyang'ana, palibe mwendo wanu udzalowemo.

Gaba_waku_Nkando: Sukulu yachuluka apa. 1 mm paliponse, nkhani yatha.

Ndata_Thoko: Achimwene, 1 mm pa IC imatheka, koma mukatero kamphete kakulenso. Ku fakitale, pa mulingo wosathinawo, kamphete kamaposa bowo ndi pafupifupi 0.7 mm, ndipo kumeneko makina saphonya pakati, mkuwa wa mkati mwa bowo umagwiriziranso. Bodi ya kunyumba ilibe mkuwa mkati. Chonse chogwira mwendo ndi kamphete ka pansiko, kopyapyala ma micron 35, komatidwa ndi guluu. Kakachepa, mukangotenthetsa kawiri kamasupuka. Ndiye pangani kamphete kawiri kukula kwa bowo kapena kuposerapo: bowo 0.8, kamphete 1.8 kapena 2.0. Pa IC miyendo yatalikirana 2.54, kamphete ka 2.0 kamasiya mpata wa 0.54 basi, solda sachedwa kulumpha. Pamenepo pangani totalika mbali imodzi, 1.6 ndi 2.4. A Chitakale, chinanso: posindikiza pa KiCad sankhani kuti pakati pa kamphete pakhale kadontho kakang'ono koyera. Asidi amadyapo, biti imakakhala momwemo osatsetsereka.

Chitakale_Sola: Achemwali ichi cha kadontho sindinkachidziwa. Zikomo kwambiri.

Gaba_waku_Nkando: Ine 1N4007 ndimalowetsa mu 0.8 bwinobwino.

Madala_Luchenza: Ndiye kuti madayodi ako ndi aja oonda miyendo, kapena biti yako si 0.8. Yeza uone. Anthuwa amatinamiza pa chilichonse.

Telala_Chonde: Ine ndine wosoka koma mng'ono wanga amapanga zomwezi pakhonde panga. Sanagule dirilo. Anachotsa kamota mu pulinta yakufa, n'kumangirira singano ya makina yothyoka, ataisongola pa mwala kuti ikhale ndi mbali ziwiri zakuthwa. Singano nambala 12 ndi 0.8 mm, nambala 14 ndi 0.9, nambala 16 ndi 1.0. Masingano othyoka ndili nawo m'kachitini, bwerani mudzatenge ulere.

Injiniya_Bvumbwe: Kkkk singano pa bodi ya FR4? Idzapsa isanaboole.

Telala_Chonde: Pa mabodi ofiirira aja imaboola bwino bambo. Bwerani mudzaone.

Ndata_Thoko: Onse awiri akunena zoona. Ofiirirawo ndi a pepala ndi utomoni, ndi ofewa, ngakhale biti wamba ya chitsulo, ya HSS, imakhalitsa. FR4 ili ndi ulusi wa galasi, imabunthitsa HSS msanga, n'chifukwa chake pamafunika carbide. Koma carbide sipindika, imangothyoka. Dzanja likangopendekera pang'ono, yapita. Ndiye mu seti yonseyo chofunika kuchiyesa kwambiri ndi choimikira. Chikakhala chogwedera, mabitiwo sadzatha sabata. Onaninso ngati pakamwa pa kadiriloko pakugwira tsinde la 3.175 mm, mabiti a carbide ambiri ndi otero. Ndipo fumbi la FR4 musapume, valani chotchinga pamphuno.

Tcheya_Muloza: K68,000 akukuberani. Seti yomweyo ndinaiona pa K45,000.

Madala_Luchenza: Liti? Panopa yadutsa 80.

Tcheya_Muloza: Mwezi wathawu. Mwinanso ku Milange ingatsike kuposa apo.

Gaba_waku_Nkando: Ku Milange mukapeza masipoko a njinga, osati carbide.

Mayi_a_Chisomo: Mukagula za HSS muzisunge m'kabotolo kotseka, mudonthezemo mafuta a makina. Chiperoni cha kuno chikangogwa masiku angapo mudzazipeza zachita dzimbiri, ndipo ya 0.8 ikachita dzimbiri yatha ntchito.

Injiniya_Bvumbwe: A Chitakale, tumizani fayilo yanu ndiiphatikize pa oda yanga ya mwezi wa mawa, tigawane yotumizira. Koma mukonze kaye mabowo. Ku fakitale saizi yomwe mwalemba amaitenga kuti ndi ya bowo lomalizidwa, mkuwa utalowa kale mkati. Mukalemba 0.8 pa header, mabodi onse adzabwera okongola koma pini osalowa, ndipo mukakulitsa ndi biti mwachotsa mkuwa uja.

Chitakale_Sola: Zimatenga nthawi yaitali bwanji kufika?

Injiniya_Bvumbwe: Masabata awiri.

Tcheya_Muloza: Mnzanga anadikira miyezi iwiri.

Madala_Luchenza: Veniya ya mu seti yanga inali ya pulasitiki, ukayeza mwendo womwewo kawiri imakupatsa manambala awiri. Ngati mwaumirira kugula, nyamulani rezisita, header ndi kachidutswa ka bodi m'thumba. Auzeni alumikize pomwepo muboole. Akakana, tulukani.

Chitakale_Sola: Ndiye mwina ndingogula veniya payokha ndi mabiti a 0.8, 1.0 ndi 1.2 angapo, mota ndiyese ya pulinta. Koma choimikira ndiye sindikudziwa ndichita bwanji. Alipo amene anadzipangirapo chamatabwa?

Gaba_waku_Nkando: Gulani seti yonse achimwene, tizidzabwereka.

Telala_Chonde: Mng'ono wanga anapanga ndi njanji za dilowa ya tebulo. Akabwera madzulo ndijambula nditumize.

Madala_Luchenza: Choimikira changa chija chikadalipo. K15,000 mutenge, koma chimagwedera.