Buku loimirira Chichewa ndi liti?

Mnyamata wa pa Chamama

Moni nonse akuluakulu. Mwana wa achemwali anga ali Fomu 3 nde kusukulu awauza kuti alembe mabuku akuluakulu a zilankhulo zosiyanasiyana, chilankhulo chilichonse buku limodzi loti ukangolitchula anthu adziwiretu kuti eni ake ndi awa. Za azungu sitinavutike nazo, Chingerezi tinalemba masewero a Shakespeare, ku Spain Don Quixote wa Cervantes wa 1605 uja, ku Russia War and Peace ya Tolstoy, koma titafika pa Chichewa tinangoyang'anizana basi. Ine ndimati Sikusinja ndi Gwenembe poti ndi lomwe ndinakula nalo, iye akuti olo kuliona ndi maso sanalionepo. Nde ndifunse, mlendo atafika pa Kasungu pano nkunena kuti ndipatseni buku limodzi lokha ndiwadziwe Achewa, mungampatse liti?

Aphunzitsi opuma a ku Santhe

Mphwanga lembani Nthondo, osakayika. Analemba a Samuel Nthara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, linatuluka 1933 ndipo linapata mphotho pa mpikisano wa mabuku olembedwa mzilankhulo za mu Africa. Chaka chotsatira, 1934, a Cullen Young analimasulira mChingerezi nkulitcha Man of Africa, kutanthauza kuti anthu a ku London anawerenga za mudzi wa Achewa makolo athu ambiri asanaione nkomwe sukulu. A Young omwewa ndi amene anadzagwirizana ndi a Kamuzu, mwana wa kuno kwathu, nkutulutsa Our African Way of Life mu 1946.

Chomwe ndimalikondera nchoti limamutenga munthu kuyambira kubadwa mpaka kumanda, ubwana wake wosamva, kuba, ulendo wokasaka ntchito kunja, kubwerera, ufumu, kenako kutembenuka mtima. Miyambo yonse ili momo koma sanaiike ngati phunziro la mkalasi ayi, ukuiona ikuchitikira munthu. A Nthara omwewo ndi amene analembanso Mbiri ya Achewa ndi Msyamboza, ndiye ngati pali tate wa zolemba zathu ndi iwowa.

Wa pa Kamwendo

Aphunzitsi ndakumvani ndipo ulemu wanu, koma ine pa Nthondo ndikanako pang'ono. Buku lija mathero ake ndi a kumishoni, munthu akhale bwino pokhapokha walowa mpingo, nanga nthawi imeneyo makina osindikizira anali mmanja mwa ndani? Si kuno kokha, ku Lesotho Thomas Mofolo analemba Chaka mChisotho koma bukulo linakhala zaka zoposa khumi amishoni a ku Morija akulikayikira mpaka linadzatuluka 1925, ndipo lero ndi lomwe limaimirira Chisotho dziko lonse lapansi. Ine mavoti anga akupita kwa a John Gwengwe. Sikusinja ndi Gwenembe ndi nthano ya agogo yeniyeni, nsanje ya pachibale, mbale kupha mbale wake chifukwa cha chuma, kambalame kakuimba kuulula zomwe munthu amati wabisa kutchire, zimenezi Mchewa aliyense amazimva mmafupa osasowa womufotokozera. Muonjezere Kukula ndi Mwambo mwamaliza.

Komanso achimwene a pa Chamama mwanayo asangodzaza azungu okhaokha mkope mwake chonde. Chixhosa chili ndi Ingqumbo Yeminyanya ya A.C. Jordan ya 1940, Chishona Feso ya Mutswairo ya 1956, Chiyoruba chili ndi Fagunwa, Chiswahili Shaaban Robert. Ngugi buku lake loyamba la mChikikuyu analemba ali mndende ya Kamiti pa mapepala a kuchimbudzi, tangoganizani kukonda chilankhulo chako mpaka pamenepo. Things Fall Apart ya 1958 ndi yabwino zedi koma Achebe analemba mChingerezi osati mChiigbo, nde pamndandanda wa zilankhulo asaiike molakwika. Akaifuna mChichewa a Wokomaatani Malunga anaimasulira, ndi Chipasupasu.

NaBanda wa ku Mtunthama

Zonse mwanenazi nzoona abambo koma ine mtima umandiwawa pena. Tikukangana Nthondo kapena Sikusinja pomwe mabukuwo kulibe. Pitani pa boma mukazungulire mashopu a mabuku, mupeza a silabasi ya chaka chino basi, mukatchula mabuku a Chafulumira kapena Chadza wogulitsa amangokuyang'anani. Kwathu kunali Njala Bwana ya a Willie Zingani mchikwama cha malemu bambo anga, chikuto chinachoka kale, tsiku lina ndinapeza masamba a kumapeto anyamata aganyu akupichirira fodya kuseri kwa chigafa, ena chiswe chinadya. Nkhani ija mathero ake ana anga sadzawadziwa.

Anzathu mabuku awo sanakhale akuluakulu chifukwa choti ndi okoma kokha, amawasindikiza chaka ndi chaka, ana amawawerenga mkalasi, amawasewera pa siteji. Dante anamwalira 1321 koma mwana wa ku Italy amamuwerengabe kusukulu, ndipo munthuyo anasiya Chilatini cha anthu ophunzira nkulemba mchilankhulo cha kwawo ku Florence. Ife tikanena zoona buku la Chichewa lomwe lili mnyumba zambiri kuyambira ku Chulu mpaka ku Mkanda ndi Buku Lopatulika la 1922, ndipo Chichewa chake chalowa mkamwa mwa anthu ngakhale osapemphera, koma limenelo ndi lomasulira, si nkhani yathu. Chichewa chinakhala chilankhulo cha fuko mu 1968 koma mpaka lero tilibe olo kashelefu kamodzi koti mabuku khumi awa asamasowe zivute zitani.

Mnyamata wa pa Chamama

Zikomo kwambiri nonse, mwandipatsa zambiri kuposa zomwe ndinapempha. Mwanayu alemba Nthondo poti ndi lakale komanso linafika kunja, Sikusinja aika pambali pake, ndipo a mu Africa aja awalowetsa onse. Aphunzitsi a ku Santhe ngati muli nalo Nthondo kunyumba ndibwerekeniko chonde, Loweruka ndikubwera pa boma kudzagula feteleza nditha kupitirira mpaka kwanuko, ndikufuna mwanayu aliwerenge kaye asanalembe dzina lake mkope.