Anzanga a ku yunivesite ya Zambia (UNZA) a 1991, muli kuti, ndipo za kupuma pantchito mwaganiza bwanji?

Naphiri wa ku Kaunda Square

Moni nonse amene tinkadutsana m'mbali mwa madamu a Goma Lakes pa yunivesite paja mabuku ali kukhwapa. Ine ndine wa kusukulu ya zamaphunziro, tinalowa 1986 n'kutuluka 1991. Ena mukumbukira kuti pa zipolowe za mtengo wa ufa mu Juni 1990 anatibweza kunyumba, ine n'kukakhala ku Katete osadziwa kuti tibwerera liti.

Ndinabadwa mu 1966, chaka chomwe yunivesite yathu inatsegulidwa, ndiye chaka cha 2026 ndikwanitsa zaka 60. Ntchito ndinayambira ku Chadiza, ndinaphunzitsa Chingelezi ndi mbiri yakale zaka 9. Ndinabwera ku Lusaka mu 2001, ndinakhala wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu mu 2012, ndipo kuyambira 2018 sukulu ili m'manja mwanga. Amuna anga anatisiya mu Juni 2021 ndi matenda a Covid.

Chimene chikundisowetsa tulo ndi ichi. Lamulo la masiku ano likuti munthu atha kupuma pa zaka 55, pa 60, kapena kupempha kuti afike 65. Mwana wanga wotsiriza ali chaka chachitatu ku yunivesite ya Copperbelt (CBU) ku Kitwe, ndipo ndikusunganso ana awiri a malemu mng'ono wanga. Kuwerengera ndalama, ndiyenera kupitiriza. Koma amayi anga ku Katete ali ndi zaka 84, maso sakuona bwino, ndipo akuwasamalira ndi mwana wa achimwene amene naye akufuna kukwatiwa. Komanso thupi latopa. Chiyambireni maphunziro aulere mu 2022 ana achuluka, ndipo ndimakondwa kuona ana a ku Mtendere ndi ku Kalingalinga amene akanakhala pakhomo ali m'kalasi, koma kalasi ina pasukulu yanga ili ndi ana opitirira 80, ndipo amene amafunafuna madesiki ndi ine.

Inu amene munapuma kale, munanong'oneza bondo kapena ayi? Ndipo ndiuzeni za moyo wanu, ndakusowani.

Mlimi wa ku Chongwe

Alongo anga Naphiri, pepani za bambo a kunyumba, sindinamve. Ine ndinali ku zaulimi, tinkakumana pa mapemphero a Lachitatu madzulo.

Ndinapuma mu 2020 ndili ndi zaka 55, nditagwira zaka 26 pa kampani ina yogula ndi kugulitsa mbewu. Chimene ndingakuuzeni poyamba n'chakuti musawerengere ndalama imene simunaigwire m'manja. Yanga ndinaidikira zaka ziwiri ndi miyezi inayi. M'nyengo imeneyo ndinagulitsa galimoto, ndinalowa m'ngongole ya kaloba kamodzi, ndipo akazi anga ndi amene anatidyetsa ndi chilimba cha amayi a kutchalitchi. Itabwera ndalamayo, thumba la simenti silinalinso pa mtengo umene ndinalemba m'kope langa.

Ndili ndi mahekitala 5 kuseri kwa Chongwe. Anthu amaganiza kuti munthu wa digiri ya zaulimi sangalephere kumunda, koma chilala cha 2024 sichinafunse pepala la munthu. Chimanga changa chinapsa chili ndi ngayaye mu Febuluwale, mwezi womwe boma linalengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Chinandipulumutsa ndi chitsime chimene ndinakumbitsa ndi gawo la ndalama ija, ndi pampu ya dzuwa, chifukwa magetsi chaka chimenecho ankazima pafupifupi tsiku lonse madzi atachepa ku damu la magetsi la Kariba. Ndinalima matimati ndi repu, n'kumakagulitsa ku msika wa Soweto mu Lusaka m'mamawa kusanache. Kumeneko mtengo sutchula ndiwe, amatchula ndi anyamata amene amakuchingamira pageti, ndipo tsiku lina bokosi limapita pa mtengo woti ukachotsa mafuta a galimoto watsala ndi ya sopo.

Koma kunong'oneza bondo ayi. BP yanga inatsika, ndipo bambo anga anamwalirira m'manja mwanga mu 2022, pakhomo panga, osati ndikumva pafoni ndili mumsonkhano. Langizo langa ndi lakuti ngati mupita ku Katete, nyumba ya ku Kaunda Square musagulitse. Ikani munthu wa lendi, ndiyo idzaphunzitse anawo.

Nabanda wa ku Leeds

Mnzanga Naphiri! Ndine uja tinkagona chipinda choyandikana chaka choyamba, ndisanasamukire kusukulu ya zachipatala ku Ridgeway. Ndinachoka mu 2002, nthawi imene ambiri a zachipatala tinkapita ku Britain. Ndinati ndikakhala zaka 5, taonani zadutsa 20. Ndine agogo tsopano, mdzukulu anabadwa chaka chatha, koma Chinyanja cha amayi ake n'chongomva, kuyankha amayankha m'Chingelezi, ndipo zimenezo zimandipweteka mumtima.

Amayi anga anamwalira ku Petauke mu 2017. Ndinafika atawaika kale. Ndalama ndinkatumiza mwezi uliwonse osalumpha, nyumba ya malata ndinawamangira, koma chimene ankapempha pafoni nthawi zonse chinali chakuti ubwera liti. Sindikukuuza zochita, iwe ukudziwa mtolo wako. Ndikungoti zaka 84 si zaka zoti munthu ungamuuze kuti dikirani zina zisanu.

Nyumba yanga ya ku Chalala yatsala mawindo ndi matailosi. Ndikufuna kubwerera ndisanafike 62.

Jere wa ku Chilenje

Ndawerenga kawiri ndisanalembe, chifukwa ine nkhani yanga si ya kukwezedwa. Mukafunsa kuti anzathu ali kuti, amayankha msanga ndi amene ali ndi udindo woti atchule. Tilipo ena amene tinkaona uthenga wa kukumana kwa a chaka chathu n'kuzimitsa foni.

Ndinamaliza za chuma mu 1991, chaka chomwe a Chiluba anapambana chisankho. Ndinalowa pa kampani ina ya boma ndikuganiza kuti ndafika. Mu 1996, nthawi yogulitsa makampani ija, anatiitana m'chipinda chodyera n'kutipatsa makalata. Ndinali ndi zaka 30, mkazi, ndi mwana wa miyezi 7. Ndinayenda ndi envulopu ya mapepala anga mu Cairo Road mpaka nsapato zinatha. Kenako ndinayamba kugulitsa salaula. Zaka 11 ndinkatsegula mabelo, ndipo ndikaona mnzanga wa kusukulu akubwera atavala tayi ndinkazemba, kumusiya mnyamata wanga kuti amugulitse. Chimene chinatisunga ndi nyumba ya khansala imene bambo anagula motchipa mu 1996 pamene ankagulitsa kwa okhalamo. Ndimo ndikukhala mpaka lero.

Mu 2012 ndinayamba kuphunzira zamalamulo madzulo, m'kalasi limodzi ndi ana a msinkhu wa mwana wanga. Mayeso a ku ZIALE, sukulu imene munthu amadutsamo kuti aloledwe kugwira ntchito ya uloya, sindinakhoze ulendo woyamba, ndinabwerezanso, ndipo ndinavala mkanjo wa uloya ndili ndi zaka 54. Amayi anabwera kuchokera ku Mtenguleni pabasi, anakhala kumbuyo osamva Chingelezi chonsecho, koma dzina langa litatchulidwa nthungululu yawo inamveka mpaka panja. Masiku ano milandu yanga yambiri ndi ya anthu ochotsedwa ntchito ndi ya amayi amasiye olandidwa katundu. Ndimaidziwa kuchokera mkati.

Tsono alongo anga, ine pamene inu mukuganiza zopuma, ine ndangoyamba kumene, ndipo penshoni yodalirika ndilibe. Chimene ndingathandize ndi cha mapepala. Musanalembe kalata iliyonse, pitani mukaone fayilo yanu ndi maso anu: kalata yolembedwa ntchito, yotsimikizidwa, ya kukwezedwa kulikonse, ndiponso ngati tsiku lobadwa likufanana ndi la pa chiphaso cha unzika (NRC). Ndaona anthu akuyenda zaka chifukwa cha pepala limodzi losowa. Lembaninso wilo, makamaka poti mukusunga ana a mng'ono wanu.

Chinanso. Pa anyamata 6 amene tinkadyera pamodzi, tatsala awiri. Anayi anapita pakati pa 1994 ndi 2001, ma ARV asanayambe kupezeka mwaulere. Mmodzi anali wanzeru kuposa tonse m'kalasi. Ngati tikumana, tiyambe ndi kutchula mayina awo.

Naphiri wa ku Kaunda Square

A Jere, ndikukumbukirani bwino. Ndipo ndiulule kuti tsiku lina cha m'ma 2003 ndinakuonani pa mulu wa majekete, ndinafuna kukupatsani moni koma ndinaopa kukuchititsani manyazi, ndiye ndinadutsa. Ndakhala nacho mumtima chinthu chimenecho. Mundikhululukire.

Nabanda, mawu ako ndawawerenga ndili mu ofesi, ndinatseka chitseko kaye. A ku Chongwe, za nyumba ndamva, sindigulitsa.

Kalata sindinalembe. Fayilo ndikaiona sabata ya mawa. Tikatsekera mu Ogasiti ndipita ku Katete, ndikakhale ndi amayi mwezi wonse mpaka Kulamba ku Mkaika kutatha, ndikambe ndi achimwene, ndionenso ngati ana awiriwa angapeze malo pasukulu ya kumeneko. Mwana wa ku Kitwe wanena yekha kuti chaka chotsiriza atha kudzithandiza ndi maganyu, koma sindinavomere.

Za kukumana, ndikuti Loweruka loyamba la Okutobala, 10 koloko m'mawa, pa udzu wa ku Goma Lakes. Aliyense abwere ndi chakudya chake ndi mayina a anzathu amene akuwakumbukira, ine ndibweretsa kope lolembamo. A Jere, mukamuuze mnzanu watsalayo.